Mizinda ya kunja kumene nyimbo zamakolo za ku Ireland zinamanga nthenje

Nyimbo zamakolo za ku Ireland zimaimbidwa lero m'mizinda yambiri imene ili kutali ndi chilumba chimene zinachokera. Mizinda ina inangozilandira n'kuzisunga. Koma itatu, Chicago, New York ndi London, inazisintha, ndipo kusinthako kunabwerera ku Ireland n'kukakhala mwambo wa dziko lonse.

Kodi nyimbo zimenezi ndi zotani?

Zambiri ndi zovinira, zopanda mawu, zoimbidwa ndi zida zokha. Mitundu yake ikuluikulu ndi reel, imene imathamanga kwambiri, jig, imene imayenda modumphadumpha, ndi hornpipe, imene imapita mwachifatse koma mogogomeza. Kumalire a maboma a Cork ndi Kerry amakondanso polka ndi slide. Nyimbo imodzi imakhala yaifupi, kawirikawiri ya zigawo ziwiri, ndipo chigawo chilichonse amachibwereza. Luso la woimba lili pa mmene akuikometsera ulendo uliwonse akaibwereza: apa agwedeza chala kuti liwu linjenjemere, apo adula liwu lalitali pawiri, kotero kuti nyimbo yomweyo simveka chimodzimodzi kawiri. Palinso nyimbo za mawu, zina m'Chingelezi, zina m'chinenero cha ku Ireland, zimene munthu amaimba yekha popanda chida, m'kaimbidwe kakale ka sean-nós.

Zida zodziwika ndi vayolini, chitoliro chamtengo, kachitoliro kachitsulo ka mabowo 6, akodiyoni ya mabatani, concertina, ng'oma ya chikopa cha mbuzi yotchedwa bodhrán, ndi uilleann pipes, zitoliro za thumba zimene woimba amapopa ndi mvukuto womangirira pachigongono, osati ndi pakamwa. Mu 2017 bungwe la UNESCO linaika luso la zitoliro zimenezi pamndandanda wa chikhalidwe choyenera kutetezedwa. Banjo inalowa mochedwa kudzera ku America, kumene akapolo ochokera kumadzulo kwa Africa anaipanga potengera zida za kwawo.

Zinafika bwanji kumizinda yakutali chonchi?

Zinapita ndi anthu othawa umphawi. Pakati pa 1845 ndi 1852 chiwawu chinagwira mbatata ya kachewere, chakudya chimene amphawi a ku Ireland ankadalira tsiku ndi tsiku. Pa anthu oposa 8 miliyoni amene anali pachilumbachi, pafupifupi 1 miliyoni anafa ndi njala ndi matenda, ndipo enanso oposa 1 miliyoni anakwera zombo kulowera ku Liverpool, Glasgow, Quebec, Boston ndi New York. Njala itatha, msamuko sunathe. Munda unkasiyidwira mwana mmodzi, otsalawo n'kumakasaka ntchito kutsidya kwa nyanja. M'zaka za m'ma 1950 zokha anthu oposa 400,000 anachoka, ambiri kupita ku Britain: amuna kukamanga misewu, nyumba ndi ngalande, akazi ambiri kukagwira unamwino ndi ntchito za m'mafakitale.

Kwawo nakonso nyimbozi zinali pamavuto. Lamulo la 1935 linafuna kuti dansi ya anthu ambiri izichitikira pamalo okhala ndi chiphaso, ndipo magule a m'makhitchini ndi a pamphambano za misewu, kumene oimba a kumudzi ankakulira, anayamba kutha. Achinyamata ambiri ankaziona nyimbozi ngati chizindikiro cha uchimidzi ndi usiwa. Motero panali nthawi imene katswiri wa vayolini ankapeza omvera ambiri, ndi ndalama zomwe, ku Bronx kapena ku Camden Town kusiyana ndi kumudzi kwawo.

Nanga mphamvu ya mzinda pa nyimbozi imayezedwa bwanji?

Kuwerenga mabala okhala ndi mayina a ku Ireland sikuthandiza. Mabala otere ali paliponse, ndipo ambiri amangoliza nyimbo za pawailesi kapena kulemba ganyu munthu mmodzi wa gitala. Ngakhale maperete akuluakulu a tsiku la Patrick Woyera, pa 17 Malichi, amasonyeza kuchuluka kwa anthu a mtunduwo, osati kuya kwa luso.

Muyeso woyamba ndi seshoni, kukumana kwa oimba sabata ndi sabata pakona ya bala. Amakhala mozungulira tebulo, kuyang'anana okhaokha, msana kwa omwa mowa. Palibe nsanja, palibe chinkuzamawu, palibe pepala la manotsi. Wina amayamba reel yekha, amene akuidziwa n'kulowa, amene sakuidziwa n'kuika chida pamwendo kumamvetsera. Akaibwereza katatu, woyambayo amakweza nsidze kapena kufuula kamawu kakafupi, ndipo onse amadumphira m'nyimbo ina popanda kupumira. Wa bodhrán ndi wa gitala amayenera kudziletsa, chifukwa ng'oma ziwiri pakamodzi zimamiza vayolini. Wina akafuna kuimba ya mawu, bala yonse imatontholetsedwa. Kawirikawiri mwini bala amalipira oimba awiri kapena atatu kuti seshoni isafe, ena onse amabwera mwa kufuna kwawo. Mzinda wamphamvu ndi umene munthu angapeze seshoni yotere usiku uliwonse wa sabata, ya oimba odziwa nyimbo mazanamazana pamtima.

Muyeso wachiwiri, ndipo ndi wofunika koposa, ndi ana. Bungwe la Comhaltas Ceoltóirí Éireann, limene linakhazikitsidwa ku Mullingar mu 1951, lili ndi nthambi zoposa 400 padziko lonse, ndipo chaka chilichonse mu Ogasiti limachititsa mpikisano waukulu wa Fleadh Cheoil na hÉireann. Oimba a ku Britain ndi a ku North America amayamba apambana kaye m'mipikisano ya m'zigawo zawo asanakapikisane ku Ireland. Mzinda umene ana obadwira komweko amakagonjetsa eni nthaka ndi mzinda umene uli ndi aphunzitsi enieni.

Ndiye mizinda imene ili patsogolo ndi iti?

Poyeza ndi miyeso iwiriyi, London ndi New York ndi imene ili pamwamba, ndipo n'kovuta kuika umodzi patsogolo pa unzake. Boston ndi Chicago ikutsatira pafupi. Kenako pamabwera Philadelphia, Glasgow, Manchester, San Francisco ndi Melbourne, iliyonse ndi mbiri yake. Ena amaika Chicago pamwamba pa yonse chifukwa cha zimene inachita kale, ndipo maganizo amenewo ali ndi maziko. Koma kukula kwa mbiri ndi kuchuluka kwa oimba lero ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Chicago inachita chiyani kuti izitchulidwa chonchi?

Inasonkhanitsa nyimbo zimene zikanatayika, ndipo ntchitoyi anaigwira wapolisi. Francis O'Neill anabadwa mu 1848 ku Tralibane, pafupi ndi Bantry m'boma la Cork. Ali mnyamata anathawa kwawo kukagwira ntchito ya pazombo, anazungulira nyanja zambiri, n'kudzalowa upolisi ku Chicago mu 1873. Anakwera mpaka kukhala mkulu wa apolisi a mzinda wonse kuyambira 1901 mpaka 1905. Iyeyu ankaliza chitoliro ndipo mutu wake unali wodzaza nyimbo, koma kulemba manotsi sikunali kwake. Anapeza wapolisi mnzake, James O'Neill wa ku boma la Down, amene sanali mbale wake ngakhale dzina linali limodzi, woti azimulembera. Akamva kuti mumzinda mwafika woimba wodziwa nyimbo zachilendo, ankamufunafuna, ndipo ena mwa oimbawo anapezeredwa ntchito kupolisi komweko kuti asachoke.

Ubwino wa Chicago unali wakuti anthu a maboma onse a Ireland ankakumana mumzinda umodzi. Kwawo, woimba wa ku Donegal akanatha kumwalira asanamvepo wa ku Kerry. Ku Chicago ankakhala m'chipinda chimodzi n'kumatsutsana za kamvekedwe koyenera ka nyimbo. Zotsatira zake zinali buku la O'Neill's Music of Ireland la mu 1903, lokhala ndi nyimbo 1,850, ndi The Dance Music of Ireland la mu 1907, lokhala ndi nyimbo 1,001. Lachiwirili linafala kwambiri ku Ireland moti mayina ambiri a nyimbo amene oimba amatchula lero ndi amene ali m'bukumo.

O'Neill anamwalira mu 1936 ali ndi nkhawa yakuti nyimbozi zikutha, koma mzinda wake sunazitaye. Liz Carroll, amene anabadwira ku Chicago mu 1956, anapambana mpikisano wa akuluakulu wa vayolini ku Ireland mu 1975 ali ndi zaka 18, ndipo nyimbo zimene anapeka yekha zalowa m'maseshoni padziko lonse. Michael Flatley, amene anavina m'gule wa Riverdance ku Dublin mu 1994, ndi mwana wa ku Chicago. Woimba vayolini Martin Hayes wa ku Clare anakumana kumeneko ndi woimba gitala Dennis Cahill, ndipo awiriwa anaphunzitsa anthu ambiri kumvera reel yoimbidwa modekha. Maphunziro amachitikira ku Irish American Heritage Center ndi ku Gaelic Park, ndipo kumpoto kwa mzindawu kuli bala yotchedwa dzina la mkulu wa apolisi uja.

Bwanji New York imatchulidwa kawirikawiri pamodzi ndi boma la Sligo?

Chifukwa cha mbale za galamafoni. Mu 1916 mayi wina wa ku Ireland, Ellen O'Byrne, amene anali ndi sitolo ya nyimbo ku New York, ananyengerera kampani ya Columbia kuti ijambule oimba nyimbo zovinira za ku Ireland. Mbalezo zinagulidwa msanga, makampani ena n'kuona kuti pali msika. M'zaka 20 zotsatira, oimba vayolini atatu ochokera kummwera kwa Sligo ndi amene anatchuka koposa: Michael Coleman, James Morrison ndi Paddy Killoran. Coleman anabadwa mu 1891 kudera la Killavil, anafika ku America mu 1914, ndipo pakati pa 1921 ndi 1936 anajambula mbali za mbale pafupifupi 80. Kaimbidwe kake kanali kothamanga, kosalala, kodzaza zokometsera zimene ankasintha ulendo uliwonse.

Mbalezi zinkatumizidwa kumudzi m'maphukusi, monga momwe matchona a ku Joni ankabwerera kwawo ndi galamafoni. Nyumba imene inali ndi galamafoni inkadzaza anthu madzulo, ndipo oimba achinyamata ankabwereza mbale imodzi mpaka kuiloweza. Apa panali phindu ndi kutaya komwe. Luso linakwera, koma oimba ambiri a kumidzi anasiya kaimbidwe ka kwawo poganiza kuti n'kotsalira, ndipo ena akuti anapachika vayolini atamva Coleman. Poti mbali imodzi ya mbale inkatenga mphindi zitatu zokha, oimba ankalumikiza nyimbo ziwiri kapena zitatu. Mpaka lero, munthu akayamba Tarbolton m'seshoni, anzake amadziwa kuti The Longford Collector ndi The Sailor's Bonnet zikubwera, chifukwa Coleman anazijambula mwa ndondomeko imeneyo.

Chimene chimasiyanitsa New York ndi mizinda ina n'chakuti mzere wa aphunzitsi sunaduke. Andy McGann, wobadwira mumzindawu, anakula akumva Coleman m'nyumba ya makolo ake. Brian Conway ndi Tony DeMarco anatengera kwa oimba a m'badwo wa McGann, ndipo Conway waphunzitsa ana ambiri amene apambana ku Ireland. Kaimbidwe ka Sligo kakale kamamveka bwino ku Bronx ndi ku Yonkers mwina kuposa m'madera ena a Sligo yemweyo. Martin Mulvihill wa ku Limerick anaphunzitsa ana mazanamazana ku Bronx, mmodzi wa iwo ndi Eileen Ivers. Jack Coen wa ku Galway anaphunzitsa Joanie Madden. Mu 1985 woimba Mick Moloney ataona kuti ambiri mwa opambana achinyamata a ku America ndi atsikana, pamene kale lusoli linkaoneka la amuna, anakonza makonsati amene anabala gulu la Cherish the Ladies, limene Madden akulitsogolera mpaka lero.

Madera a Woodlawn ku Bronx, McLean Avenue ku Yonkers, ndi Woodside ndi Sunnyside ku Queens ndi kumene anthu a ku Ireland achulukira. Irish Arts Center, imene inayamba mu 1972, inatsegula nyumba yatsopano ku Manhattan mu 2021. Mu Julayi oimba amakhamukira kumapiri a Catskills, kumudzi wa East Durham, kukachita sabata ya maphunziro ndi maseshoni ochezera mpaka mbandakucha.

Kodi n'zoona kuti seshoni ya m'bala inayambira ku London?

Ofufuza ambiri amatero, makamaka Reg Hall, Mngelezi woimba piyano amene anakhala zaka zambiri pakati pa oimbawo n'kulemba mbiri yawo. Ku Ireland kale nyimbozi zinali za m'nyumba, ndipo cholinga chinali kuvina. Amuna amene anafika ku London nkhondo yachiwiri itatha analibe nyumba. Ankagona m'zipinda za lendi, angapo chipinda chimodzi, ndipo eni nyumba sankalola phokoso. Bala ndi imene inali pabalaza pawo: ndi kumene ankamva za ntchito, kusinthitsa cheke cha malipiro, ndi kufunsa za kumudzi kwa amene wangofika. Hall amaloza bala ya Devonshire Arms ku Camden Town, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, kuti ndi kumene oimba anayamba kukhala pansi n'kumaimbira okha, popanda ovina. Mwambowu unafalikira ku Kilburn, Holloway, Hammersmith ndi Fulham, kenako unawoloka nyanja kupita ku Ireland, kumene alendo lero amauyesa wa makolo akalekale.

Oimba a nthawi imeneyo anali anthu a ntchito yakalavulagaga. Bobby Casey ndi Willie Clancy anachokera kudera la Miltown Malbay ku Clare, Michael Gorman ku Sligo, Julia Clifford ku Kerry, ndi Lucy Farr, namwino, ku Galway. Margaret Barry, woimba wa m'misewu wa ku Cork, ankaimba ndi banjo pambali pa Gorman ku Bedford Arms. Lamlungu masana, anthu akatuluka ku Misa, ankadzaza bala ya The Favourite pafupi ndi Holloway Road, kumene Jimmy Power ankatsogolera. Kumeneko Bill Leader anajambula chimbale cha Paddy in the Smoke, chimene kampani ya Topic inatulutsa mu 1968. M'chimbalemo mumamveka matambula akugundana, anthu akucheza, wina akukuwira woimba kuti apitirize. Ndi umboni wabwino koposa wa mmene seshoni inkamvekera isanasanduke chokopa alendo. Balayo inagumulidwa pamene derali linkakonzedwa kuti pamangidwe bwalo la mpira la Emirates la timu ya Arsenal.

London inayambitsanso chinthu china kale kuposa pamenepa. Céilí yoyamba ya makono, dansi ya gulu yokonzedwa m'holo, inachititsidwa ndi nthambi ya bungwe la Gaelic League ku Bloomsbury Hall mu Okutobala 1897.

Mphamvu ya mzindawu lero yagona pa ana a matchona aja. Brendan Mulkere wa ku Clare anaphunzitsa ana ambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ndipo mmodzi wa iwo, John Carty, ali m'gulu la akatswiri a vayolini ndi banjo olemekezeka koposa. Woimba vayolini Kevin Burke nayenso anabadwira ku London kwa makolo a ku Sligo. London Irish Centre ku Camden, imene inayamba m'zaka za m'ma 1950 monga malo othandizira ongofika kumene, ndi Irish Cultural Centre ku Hammersmith zimachititsa makalasi ndi makonsati. Chikondwerero chimene Karen Ryan ndi anzake anayambitsa mu 1999 ndi dzina la Return to Camden Town chikuchitikabe, tsopano monga Return to London Town. Poti ndege ya ku Ireland imangotenga ola limodzi ndi mphindi zochepa, oimba amapita ndi kubwera nthawi zonse, mwayi umene mizinda ya ku America ilibe.

Nanga Boston ndi Philadelphia?

Boston ndi umodzi mwa mizinda ya ku America imene gawo lalikulu la anthu ake ndi la makolo a ku Ireland, ambiri ochokera ku Galway, Kerry ndi Cork. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 msewu wa Dudley ku Roxbury unali ndi maholo angapo a dansi oyandikana, monga Hibernian ndi Intercolonial, ndipo Loweruka usiku anthu ankatuluka m'holo ina n'kulowa ina. Kumeneko n'kumene kunatchukira Joe Derrane, mnyamata wa akodiyoni amene anajambula mbale za kampani ya Copley asanakwanitse zaka 20. Maholo atatsekedwa, Derrane anagulitsa akodiyoni yake ya mabatani n'kumaimba nyimbo zina pofuna chakudya, moti ambiri ankayesa kuti anamwalira. Mu 1994 anaitanidwa ku chikondwerero cha ku Wolf Trap ku Virginia, anayeserera kwa miyezi ingapo, n'kuimba mwa luso lomwe lija. Anapitiriza kujambula mpaka ukalamba.

Larry Reynolds wa ku Galway anakuza nthambi ya Comhaltas ya mumzindawu kukhala imodzi mwa zazikulu kunja kwa Ireland. Séamus Connolly wa ku Clare anaphunzitsa ku Boston College, kumene anatsogolera chikondwerero cha Gaelic Roots kuyambira 1993 mpaka 2003, ndipo sukuluyo imasunga nkhokwe yaikulu ya zojambulidwa zakale. Bala ya The Burren ku Somerville, imene oimba awiri, Tommy McCarthy ndi Louise Costello, anatsegula mu 1996, ndi imodzi mwa malo odziwika koposa a maseshoni ku America konse. Kuchuluka kwa masukulu a ukachenjede, kuphatikizapo Berklee, kumabweretsa oimba achinyamata chaka ndi chaka.

Philadelphia ndi yaing'ono pa chiwerengero cha oimba, koma inapereka zinthu ziwiri zazikulu. Abale awiri a ku Drogheda, William ndi Charles Taylor, atafika kumeneko m'zaka za m'ma 1870 anapanga uilleann pipes zokulitsa mabowo kuti zizimveka m'maholo akuluakulu, ndipo mtundu umenewo ndi umene ambiri amaliza lero. Ed Reavy wa ku Cavan, amene ankagwira ntchito yokonza mipope ya madzi, anapeka nyimbo zoposa 100 zimene oimba ambiri amaziyesa zakalekale.

Ku Britain, kupatula London, kuli mizinda ina yotchuka?

Ilipo. Glasgow ili ndi ubale wakale ndi Donegal, kumene anthu ankachokera kudzagwira ganyu yokumba mbatata ndi ntchito za zomangamanga. Nthambi yoyamba ya Comhaltas kunja kwa Ireland inakhazikitsidwa kumeneko mu 1957, ndipo Jimmy McHugh, woimba vayolini wa mumzindawu, anapambana ku Ireland chaka chomwecho. Gulu la St Roch's, limene mphunzitsi Frank McArdle analera, latulutsa oimba ambiri. Chikondwerero cha Celtic Connections, chimene chinayamba mu 1994 ndipo chimachitika mu Januwale, chimasakaniza oimba a ku Ireland ndi a ku Scotland, moti kaimbidwe ka ku Glasgow kali ndi kakomedwe ka mbali zonse ziwiri.

Manchester inatulutsa Michael McGoldrick, katswiri wa chitoliro ndi uilleann pipes, ndi Dezi Donnelly wa vayolini, ana a mabanja ochokera ku Ireland. Liverpool Céilí Band inapambana mpikisano wa magulu ku Ireland mu 1963 ndi 1964. Birmingham ndi kwawo kwa oliza chitoliro Kevin Crawford ndi Catherine McEvoy, amene onse anasamukira ku Ireland. Kusamuka kobwerera kotere n'kofala, ndipo kumachititsa kuti anthu aiwale kuti luso linakulira ku England.

Ku Canada ndi ku Australia zili bwanji?

St. John's ku Newfoundland ndi yosiyana ndi mizinda ina yonse. Anthu ake anachokera ku Waterford, Wexford ndi Kilkenny njala ija isanagwe, kudzagwira ntchito ya usodzi, ndipo anakhala kwaokha kwa mibadwo yambiri. Nyimbo zawo ndi nthambi yakeyake: akodiyoni ndi imene imatsogolera, ndipo nyimbo za mawu n'zochuluka kuposa ma reel. Ku Montreal, Jean Carignan, woimba vayolini wolankhula Chifalansa amene ankayendetsa takisi, anaphunzira kaimbidwe ka Coleman pomvetsera mbale zokha. Toronto, Ottawa ndi Vancouver zili ndi maseshoni okhazikika.

Ku Australia, Melbourne ndi Sydney ndi imene ili patsogolo, ndipo kamzinda ka Koroit ku Victoria, kumene alimi a ku Ireland anakhazikika kalekale, kamachititsa sukulu ya nyimbo ndi chikondwerero chaka chilichonse. Chuma cha Ireland chitagwa mu 2008, achinyamata ambiri anapita ku Sydney, Melbourne ndi Perth, ena a iwo oimba odziwa, ndipo maseshoni anatsitsimuka.

Ku America mizinda ina yoyenera kutchulidwa ndi San Francisco, kumene Joe Cooley wa ku Galway anasiya ophunzira ambiri a akodiyoni, Baltimore ndi Washington, St. Louis, ndi St. Paul. Milwaukee ili ndi chikondwerero chachikulu koposa, Irish Fest, chimene chinayamba mu 1981, ngakhale kuti khamu la masiku ochepa a Ogasiti silifanana ndi seshoni ya chaka chonse.

Kodi pali mizinda yamphamvu imene ilibe mbadwa zambiri za ku Ireland?

Tokyo ndi chitsanzo chodabwitsa. Nthambi ya Comhaltas inayamba kumeneko kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo oimba pafupifupi onse ndi a ku Japan komweko. Amaphunzira mosamala kwambiri, ena mpaka kusankha kaimbidwe ka boma limodzi, monga Clare kapena Sligo, n'kukhala miyezi kumeneko kwa mphunzitsi mmodzi. Germany inatsegula khomo m'zaka za m'ma 1970, pamene magulu ngati The Dubliners ankadzaza maholo, ndipo ulendo wa makonsati wa Irish Folk Festival unayamba mu 1974. Berlin, Hamburg ndi Munich zili ndi maseshoni okhazikika. Ku France, chigawo cha Brittany chili ndi oliza chitoliro chamtengo aluso kwambiri, ndipo chikondwerero cha ku Lorient chakhala chikuchitika kuyambira 1971.

Mizinda imeneyi imasowa chinthu chimodzi: agogo amene anavina nyimbozi ali ana. Luso la zala lilipo, koma kugunda kumene kumanyamula wovina kumaphunziridwa bwino pambali pa munthu amene anakulira m'guleyo, n'chifukwa chake oimba a kumeneko amaitanitsa aphunzitsi ochokera ku Ireland kawirikawiri.

N'chiyani chikusintha masiku ano?

Magwero a oimba atsopano ochokera kumudzi anachepa. Lamulo la America la 1965 la anthu olowa m'dziko linapanikiza khomo kwa anthu a ku Ireland, ndipo chuma cha kwawo chitakwera m'zaka za m'ma 1990 ambiri anabwerera. Madera amene anali awo okha anabalalika, ana atasamukira kunja kwa mizinda. Kukwera kwa lendi kwatseka mabala ndi maholo ambiri. Nayonso Galtymore ku Cricklewood, holo imene mabanja ambiri a ku London anakumanirana, inatsekedwa mu 2008. Mliri wa 2020 unaimitsa maseshoni kwa miyezi yambiri, ndipo ena sanayambirenso.

Mbali inayi, kuphunzira kwaphweka. Tsamba la pa intaneti la The Session lili ndi nyimbo zikwizikwi pamodzi ndi mndandanda wa maseshoni a m'mayiko osiyanasiyana, ndipo Irish Traditional Music Archive ya ku Dublin, imene inakhazikitsidwa mu 1987, yaika poyera zojambulidwa zakale zambiri. Choipa chake n'chakuti poti onse akumvera zimbale zomwezo, kusiyana kwa kaimbidwe ka mzinda ndi mzinda kukucheperachepera.

Oimba a mizinda yonseyi amakumana mu Julayi ku Miltown Malbay, kumene sukulu yokumbukira Willie Clancy yakhala ikuchitika kuyambira 1973. M'mawa amakhala m'makalasi, masana ndi usiku amadzaza mabala ndi misewu ya kamzindako, ndipo nyimbo zimene zakomera anthu sabata imeneyo zimakamveka m'maseshoni a ku Somerville, Kilburn ndi Tokyo chaka chisanathe.